Tinapita kwa Ankhoswe Titakwera Mlandu Womwewo

Tinanyamuka pa Madisi Lachisanu m'mawa, mwezi wa Novembala, mitambo ikungoopseza koma mvula isanagwe. Ndati tinanyamuka, koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu: m'mawawo tinangokwera m'galimoto. Kunyamuka kwenikweni kunabwera pambuyo pake.

Tinalipo anthu anayi ndi khanda. Woyendetsa anali mkamwini wanga, bambo a Chisomo. Pambali pawo panakhala alongo anga a Binisoni, amene ndi nkhoswe ya ukwati wa mwana wanga Lonesi. Kumbuyo tinakhala ine ndi Lonesiyo, Chisomo ali pamiyendo. Ku buti kunali tambala womangidwa miyendo, mphatso yopita kwa eni mudzi umene tinkalowera.

Tinkapita kukakamba mlandu. Chaka chathachi fodya anawayendera bwino ana angawa, ndipo anapangana kuti ndalama zake afolerere nyumba yawo ya njerwa, imene yaima yopanda denga pamalo amene tinawapatsa kwathu. Bambo a Chisomo anapita ku Lilongwe kukagula malata. Anabwerako akuliza hutala. Malata analibe. Anabwera ndi kagalimoto kofiira ka ku Japan, kaja kooneka kakang'ono koma kotalika miyendo, ka maso otuzuka ngati chule. Anakagula K11 miliyoni kwa munthu amene nayenso anakagula kwa munthu wina, ndipo wogulitsayo analumbira kuti ankangopitira kutchalitchi basi. Ine sinditsutsa munthu wolumbira. Mwina tchalitchi chake chinali ku Karonga.

Kuyambira tsiku limenelo galimoto ija inayamba kudya. Lero mabuleki, mawa mashoko, mkuja tayala, poti inabwera yopanda ndi tayala la sipeya lomwe. Lonesi anapirira, anapirira, mpaka tsiku lina anamanga katundu nabwera kwa ine, mwana kumbuyo. "Amayi, akhale ndi mkazi wawo wa matayalayo." Ankhoswe anati nkhaniyi ikambidwe. Mwa mwambo akuchimuna ndiwo akanabwera kwathu, koma amalume a mkamwini, omwe ndi nkhoswe ya kumeneko, anatupa miyendo, sayenda. Tinati tiwalondole kwawo, kumapiri kupitirira pa boma la Ntchisi. Ine pamlandu ndilibe pakamwa. Ananditenga kuti ndikagwire mwana akuluakulu akamakamba. Koma mtima wa mayi mukuudziwa. Ndinkadziwa kuti Lonesi akakangonena kumeneko kuti banja sakulifunanso, ndiye kuti latha, ndipo pankhope pake pankaoneka kuti mawuwo anali atawakonza kale.

A Binisoni ndiwo anati tikwere galimoto yomweyo, poti minibasi ya anthu anayi ndi ndalama zambiri. Alongo angawa amadziwa kusunga ndalama.

Bambo a Chisomo anadina kabatani, chifukwa galimoto zimenezi siziliza ndi kiyi wopotokola. Munamveka mawu a mayi wina m'kati momwemo, akulankhula Chijapani mwaulemu kwambiri. Mkazi yekhayo amene anawapatsa moni m'mawa umenewo anali ameneyo. Koma injini inangoti ke-ke-ke, kenako zii. Batire.

Anthu a pa Madisi ndi okoma mtima, Mulungu awadalitse. Posakhalitsa amuna odikira maganyu pa sitolo anatizungulira.

"Tikankhe, ada!"

"Iyi ndi otomatiki, siilira pokankha," anatero mkamwini.

"Aa, galimoto ndi galimoto. Tinaliza lole ya miyala ife, ndiye kachule aka?"

Anatikankha kuchokera pa chigayo mpaka kufupi ndi msika, thukuta lili kamukamu, ife tili phee m'katimo ngati akwati. Pa ulendo wonse, apa pokha ndi pamene tinayenda popanda phokoso komanso osatha petulo. Pomaliza bambo wina wometa tsitsi anatulutsa batire yake ndi mawaya awiri, natilipiritsa K2,000, ndipo inalira. Anawonjezera kuti batire yatsopano ya mtundu umenewu ndi K180,000. Lonesi anatembenukira kuzenera, naliuza zeneralo kuti, "Malata asanu ndi limodzi amenewo."

Muyenera kumvetsa mmene tinkalankhulirana m'galimoto muja. Lonesi ndi mwamuna wake sankalankhulana. Ine ndi mkamwini timaopana monga mwa chikhalidwe chathu: sitiyang'anizana m'maso, sitidyera pamodzi, ndipo sindingawaponyere mawu ngati ndikuitana mwana. Iwo, atangoona kuti maso anga akuonekera pa kagalasi ka kutsogolo kaja, anakapotoza kuloza kudenga. Ndinathokoza mumtima. Anthu oleredwa bwino akusowa masiku ano, ndipo za kumbuyo kwa galimoto tinazisiya m'manja mwa Ambuye. Choncho mawu onse ankadzera kwa a Binisoni, ndipo a Binisoni sapereka uthenga wosavala jekete.

Titalowa mumsewu waukulu wopita ku Mponela, kutentha kunayamba. Chopemerera mphepo yozizira chinafa kale, akuti chikufuna gasi wa K60,000, ndipo zenera la mbali yanga limatsegulidwa ndi woyendetsa yekha.

"Achimwene, mwanayu akupsa kuno," ndinanong'ona.

A Binisoni anakonza kukhosi. "Akamwini, choyamba tithokoze kuti mwatinyamula. Si onse angachite zimenezi. Chachiwiri, kumbuyoku kwachokera kapempho, si kodandaula ayi, koma kokhudza mpweya."

Zenera linatsika theka, ndipo linakhala pomwepo mpaka ku Ntchisi. Silinakwerenso.

Pa Mponela tinafika dzuwa litakwera ndithu. Mwa chisomo petulo analipo, tinathira wa K60,000. Koma pokhota kulowa msewu wa ku Ntchisi, kutsogolo kunayamba go-go-go ngati munthu akusinja mphale mumtondo wong'ambika, ndipo galimoto yonse inkanjenjemera ngati ya malungo. Tinapatukira pa galaja ina ya pansi pa mtengo. Makaniko wake anabwera ndi kakompyuta ka m'manja, nakalumikiza kunsi kwa chiwongolero, monga amachitira anamwino poyeza kuthamanga kwa magazi. Kuyezako kokha K20,000. Kompyuta inatiuza kuti galimoto ikudwala. Ndinayamikira nzeru za azungu, poti ife tinkangoganizira chabe.

"Kunjenjemerako ndi koyilo yopereka moto ku injini, imodzi yapsa," anatero makaniko. "Yakale ndili nayo, K70,000. Kugogodako ndi sivi jointi, chimene chimazunguza tayala, K130,000 mbali imodzi. Koma bwana, oyilo wa giyabokosi munasintha liti?"

Bwana anayang'ana nsapato zawo.

"Tigalimoto iti timanamiza," anapitiriza munthu uja akupukuta manja. "Miyendo ndi ya mbawala, koma chifuwa ndi cha nkhuku. Anatipangira tauni. Giya yake si ya mano ngati ya lole, imayendera lamba, ndiye ikatentha imagonja. Kumapiriko muziipumitsa, ndipo musaisenzetse."

Tinagula koyilo yokha. Za kugogoda tinati tipirira, poti mtondo wong'ambika nawonso umasinja. Podikira ndinagula chipisi cha kabichi, K2,500 mbale, ndi thobwa lozizira la Lonesi, poti akuyamwitsa. Mkamwini anakadyera kuseri kwa galaja atatifulatira. Mayi wogulitsa thobwa anayang'ana galimoto, nayang'ana ine.

"Mwadala amayi, ana akukuyendetsani pa galimoto."

"Ndadala ndithu, mwanawe," ndinatero. Ndipo si bodza. Anzanga ambiri sanaonepo kunsi kwa boneti, ine ndinali nditaonako kawiri tsiku lisanafike pakati.

Msewu wa Mponela kupita ku Ntchisi ndi wa tala, ndipo apa galimoto inatikomera mtima. Mwina inamva kuti ikupita kukaweruzidwa. Minda inali itagalauzidwa kale, mizere ili ndandanda kudikira mvula. M'madimba nazale za fodya zinali zofunditsidwa udzu, amayi ndi abambo akuthirira ndi makheni. Tinkapitirira ngolo, njinga zosenza nkhumba, ndi anthu oyenda pansi amene ankatiyang'ana mosirira. Mkamwini anayatsa nyimbo za kwaya, mapewa awo anakwera pang'ono. Ngakhale Lonesi anaiwala kukwiya kwa kanthawi, mpaka anamuonetsa Chisomo ng'ombe. Mapiri a Ntchisi anayamba kuoneka kutsogolo, obiriwira pamwamba ngakhale kunsi konse kunali kouma.

Pa boma tinaima kuti tigule shuga ndi sopo, poti munthu sulowa m'mudzi wa eni chimanjamanja. Pomwepo anatiwona msuweni wa mkamwini.

"Alamu! Asuweni! Mukupita kumudzi? Mulungu ndi wamkulu, ndili ndi matumba awiri a feteleza, ndimasowa wonyamula."

Munthu wa galimoto sakana. Akakana, mawa mudzi wonse umva kuti wayamba kunyada. Matumba analowa ku buti, tambala anasamukira kumapazi kwanga, ndipo kumbuyo kwa galimoto kunakhala pansi ngati mayi wotopa. Mawu a makaniko wa pa Mponela tonse tinkawakumbukira, koma panalibe amene anali ndi njira yowanenera.

Kuchoka pa boma tala anatha. Msewu unasanduka wa dothi lofiira, wa miyala ndi ngalande, wokwera n'kutsika, n'kukweranso koposa. Chitunda choyamba tinakwera. Chachiwiri tinakwera tikupemphera. Pa chachitatu galimoto inayamba kulira ngati udzudzu waukulu, injini ikubangula koma matayala akuyenda ngati nkhono. Ndinamva fungo la chinthu chopserera, ndipo nditacheuka ndinaona utsi ndi mzere wa mafuta ukutilondola m'dothi. Woyendetsa sakanauona, kagalasi kawo kankayang'ana kumwamba.

"Lonesi, auze amuna ako, kukutuluka utsi."

"Auzeni eni ake, amayi. Ine ndine mlendo m'galimoto muno."

"Achimwene, utsi!"

"Akamwini," anayamba a Binisoni, "choyamba tivomereze kuti mwayendetsa bwino kufika pano. Chachiwiri..."

Chachiwiricho galimoto inanena yokha. Inaima.

Anaibweza pang'onopang'ono mpaka pakhona, pambali pa msewu, tinaika miyala kumatayala. Mkamwini anagona pansi nasuzumira. Paipi ya oyilo wa giyabokosi inali itaphulika. Foni sinkagwira. Mwamwayi panatsika kabaza wa njinga yamoto, anagwirizana K8,000 kupita ku boma ndi kubwerera. Asanakwere, mkamwini anati, "Amalume, muikeko masamba pamsewu. Malole a mbatatesi amatsika mothamanga apa."

Tsopano apa ndipofunika ndikuuzeni za alongo anga. Kwa zaka zambiri iwo ndiwo amayendetsa za maliro kumudzi kwathu, ndipo ntchito yawo saichita mwachibwana. Anthu a malole galimoto ikawafera amangoponya tinthambi apa ndi apo m'mphepete mwa msewu. A Binisoni anathyola nthambi zaziwisi, nazindandalika bwinobwino kudula msewu wonse, mzere wina kumunsi, wina kumtunda, monga manja awo anazolowera. Ine ndinaona, koma ndinangoti achimwene ndi munthu waudongo.

Mthunzi unali umodzi wokha, wa mtengo wa mango pabwalo la kanyumba kena pamwamba pa msewu, pakati penipeni pa mizere iwiri ija. Galimoto inabisika kuseri kwa khona. Tinaodira, osayankhidwa. Tinayala chitenje n'kukhala pansi, ine ndi Lonesi. A Binisoni anakakhala pataliko pamwala, monga amuna achitira, chipewa pabondo, mutu atazolika chifukwa cha kutentha.

Apa ndi pamene mwana wanga anasweka mtima.

"Amayi, ndinalakwanji ine? Fodya uja ndinasoka ndi manja angawa, mimba ili apa. Mvula ikubwera, makoma aja agwa, ife tikudyetsa chitsulo. Ndikafika ndikanena. Ndatopa, amayi, ndatopa!"

Analira mokweza, kulira kwa munthu amene wakhala akumeza misozi nthawi yaitali. Ine ndinayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya m'buku, ija timatonthozana nayo pa zovuta.

Panadutsa bambo wa njinga. Atafika pa masamba anatsika, navula kapusi, nayenda akukankha mpaka kupitirira. Ndinati mumtima, koma anthu a ku Ntchisi ndi aulemu. Kenako kunabwera amayi awiri ochokera kumjigo. Anatula ndowa, namanga bwino zitenje, nadzakhala pafupi nafe osanena kanthu. Posakhalitsa analowa m'nyimbo muja, wina ndi mawu okwera okoma zedi. Anabwera ena atatu, kenako ena. Amuna ankapita kwa a Binisoni, kuwagwira chanza ndi manja awiri, n'kukhala pansi. Ndinati, Ambuye, ndayenda ine, koma mudzi wopemphera chotere sindinauone. Galimoto kungowonongeka, mpingo wathunthu! Ndinakweza mawu, ndinayambitsa ndi nyimbo yachiwiri. Lonesi, poona anthu omumvera chisoni, analira koposa.

Mukudziwa mwambo wathu. Ukafika pa zovuta sufunsa kuti kwagwanji. Umakhala pansi kaye, nkhani imakupeza yokha. Ndiye aliyense anakhala pansi mwaulemu kudikira nkhani, ndipo panalibe woifotokoza.

Tinamva mfuwu kuchokera kumunsi, kudimba. Mayi wachitsikana, msinkhu wa Lonesi, ankakwera mtunda akuthamanga, mpango utagwa, matope mpaka m'maondo, manja ali kumutu.

"Mayo ine! Bambo a Tadala! Mwandisiyira yani ana? Dzulo lomweli munadya, munaseka!"

Anafika pabwalo miyendo itatha mphamvu, ndipo akanagwera pamuzu wa mango akanapanda Lonesi kumuwakha. Anagwirana awiriwo, mwana wanga atamukumbatira mayi wosamudziwa. Pamenepo maso anga anatseguka. Ndinaona mitolo ya nkhuni itaunjikidwa kuseri, beseni la ufa pakhonde, ndi kambale kakuyenda pakati pa amuna. Nyimbo inandiuma pakamwa.

Ndinaimirira. "Abale anga, pepani. Pano palibe maliro. Ife ndi alendo, tachokera ku Madisi. Galimoto yathu yawonongeka, ili pakhonapo. Masambawo ndi a galimoto."

Tambala yekha ndiye analankhula.

Mayi uja anali mwini nyumba. Mwamuna wake, woyendetsa kabaza, anali m'chipatala pa boma atagwa ndi njinga sabata imeneyo. Munthu wina anathamangira kudimba kukamuuza kuti kwanu kwaikidwa masamba ndipo anthu akuimba. Atamvetsa, anadzuka, napukuta nkhope, ndipo ndikuuzeni, mawu amene analankhula sindingawalembe onse.

"Mwandiphera mwamuna ndi masamba! Inu agogo inu, imvi zonsezo, simudziwa kusiyanitsa munthu ndi chitsulo? Pakhomo panga! Mukufuna kundilodzera?"

A Binisoni anagwada pansi, chipewa pachifuwa. Aka kanali koyamba kuwaona akuyamba nkhani popanda choyamba ndi chachiwiri. Akuluakulu a pamenepo anati kuitanira maliro pakhomo pa munthu wodwazika si nkhani yongopepesa pakamwa. Tambala wa ankhoswe anasintha mwini pomwepo. Tinapemphera pamodzi kupempherera bambo a Tadala, ndipo masamba anachotsedwa msangamsanga. M'kambale muja munali mutalowa kale chipepeso, aliyense anatengamo ndalama yake. Bambo wina wokalamba anakana.

"Yanga isiyeni. Mumugulire oyilo malemuyo."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti, ndipo anatsikira kukhona kukaona nkhope. Amayi anatenga nkhuni zawo, koma wina anabwerera ndi mbatata yophika ndi mango, akuti alendo ndi alendo ngakhale abodza.

Mayi a Tadala mkwiyo utatsika anakhala pafupi ndi Lonesi, akumwa madzi.

"Nanga inu asisi, mumalira chiyani chonchija?"

Lonesi anamufotokozera zonse.

"Malata? N'kukagula chimenechija?" Anaomba m'manja. "Akanakhala wanga bwenzi akugona momwemo, azifunda matayala. Musawasekerere ayi." Anayang'ana kudimba kumene anachokera. "Koma ndikuuzeni. Wangayu anagulitsa mbuzi yanga osandiuza, mwezi wathawu. Takhala tikukangana tsiku ndi tsiku. Kuchokera kudimba kuja kufika pano ndathamanga ndili wamasiye, ndipo mbuzi ija sindinaikumbuke n'kamodzi komwe. Mawa ndikakamuona kuchipatala ndiikumbukira."

Lonesi sanaseke. Anafunsa kuti, "Anagwera pati?"

"Pamunsi apa, pa kamlatho ka matabwa. Pali mchenga woipa. Njinga zimagwa pamenepo kawirikawiri."

Mwana wanga anandipatsa Chisomo, natsikira kumsewu. Anaima pakhona, dzanja pachipumi, kuyang'ana kumene njinga inalowera. Dzuwa linapendeka. Kumapiri kunayamba kugunda. Anabwera kudzamwa madzi, nabwereranso. Ine ndinkangogwedeza mwana ndi kulankhula ndi Atate wanga wakumwamba, amene amadziwa kuti ine pamlandu ndilibe pakamwa koma kwa Iye ndili napo.

Njinga inatulukira itanyamula anthu atatu: woyendetsa, makaniko wonenepa wa pa boma, ndi mkamwini kumapeto, atakumbatira chigubu cha oyilo ngati khanda. Buluku linali litang'ambika pabondo, chigongono chili magazi. Anaterereka pa mchenga womwe uja. Chigubu chokha ndicho chinalibe bala.

A Binisoni anakonza kukhosi. "Akamwini, choyamba..."

"Amalume, ndinena ndekha," anatero Lonesi. Anawayang'ana amuna ake m'maso. "Munthu wamkulu, wa mwana, mukugwa n'kumateteza chigubu? Mutuwo muli ndi wina wa sipeya? Bweretsani kuno dzanjalo."

Anang'amba m'mphepete mwa chitenje chake chatsopano, nawamanga, akuwakalipira mpaka pomaliza mfundo. Iwo ankangoti, "Eya, mayi a Chisomo. Zoona, mayi a Chisomo," nkhope ikuwala ngati munthu amene wapatsidwa mphoto. Ine ndinayang'ana kumbali, poti si zoti mpongozi aziona.

Makaniko anagwira ntchito akuimba mluzu. Paipi K25,000, oyilo wa giyabokosi, amene akuti ndi wakewake sasakaniza ndi wina, K160,000, manja ake K30,000. Atatha anaitana mkamwini, koma mawu ake anali oti phiri lonse limve.

"Bwana, ifika, koma lamba wa m'giyabokosi wapsa kale. Ikangotha, ina yakale ndi K3 miliyoni, ndipo muyitanitse kunja. Kapena mundigulitse ine mmene ililimu, ndizivutika nayo ndekha. Nambala yanga nayi."

Lonesi sanawerengere malata ulendo uno. Mwina anachuluka.

Matumba a feteleza tinawasiya kwa mayi a Tadala kuti adzatengedwe pa ngolo. Makaniko anati zitunda zotsalazo galimoto ikwere yopepuka. Choncho inatsogola yokha ndi woyendetsa, ngati mkwatibwi, ife operekeza tikubwera pambuyo wapansi, ine ndi nsapato m'manja. Tinalowa m'mudzi dzuwa likulowa. Azakhali awo a mkamwini anailandira ndi nthungululu, akuisisita m'mbali, akuti mwana wathu watichotsa manyazi. Ife anatipatsa moni pambuyo pake.

Mlandu unakambidwa Loweruka m'mawa pakhonde la amalume odwala miyendo aja. Ine ndinakhala kuseri kwa nkhokwe ndi Chisomo. Sindinapite kukamvetsera ayi, koma mphepo ya ku Ntchisi imawomba kuchokera kukhonde kupita kunkhokwe. Amalume awo anati galimoto isagulitsidwe, mtundu wawo chiyambire sunakhalepo nayo. Kenako mkamwini analankhula, mawu otsika. Anati amayi awo anamwalira pa ngolo, pa zitunda zomwe tinakwerazi, akupita nawo kuchipatala, iwo akutsogolera ng'ombe. Anati tsiku limenelo analonjeza mumtima kuti wa m'nyumba mwawo sadzakweranso ngolo podwala. Ku Lilongwe kuja ndalama zili m'thumba, anangoona galimoto, malata anaiwalika. Nkhani imeneyi ngakhale Lonesi sankaidziwa. Ndinapukuta m'maso ndi kansalu ka mwana.

Kenako ndinamva mawu a mwana wanga, opanda ukali.

"Pepani, bambo a Chisomo. Koma dzulo lija, akanakhala kuti amayi anu ali m'katimo, ikanawafikitsa kuchipatala?"



A Binisoni anafunsa funso limene tinabwerera. "Lonesi, nena pamaso pa ankhoswe. Banjali ukulifuna?"

Mtima wanga unaima ngati galimoto ija pachitunda.

"Mwamuna wanga ndikumufuna, amalume. Ndibwerera naye kunyumba lero lomwe. Koma pa minibasi."

Mkamwini anapempha foni ya msuweni wawo wina wa m'mudzimo, nakwera pachulu pamene pamagwira netiweki. Makaniko anafika dzuwa lisanafike pamutu, ngati ankadikira kuseri kwa phiri. Anagwirizana K6.5 miliyoni. Asanapereke kiyi, bambo a Chisomo anaizungulira galimoto ija kamodzi, napukuta fumbi pagalasi ndi dzanja lomangidwa lija. Ndinawamvera chisoni, ndipo Lonesi anakaima pambali pawo mpaka galimoto inakhota.

Pobwerera makaniko anali atapita kale ndi galimoto, ndiye tinatsika pa njinga zamoto mpaka pa boma, pa kamlatho kaja tonse tinatsika n'kuwoloka wapansi. Minibasi ya ku Mponela inali K6,000 munthu mmodzi, ya ku Madisi K3,000. Ya ku Madisiyo inali yakale, chitseko chomanga ndi chingwe, kondakitala wamwano, ndipo sinaime paliponse kupatula potsitsa anthu. Mvula yoyamba inatipeza titangodutsa Mponela, fungo la dothi linadzaza m'minibasi monse. Inagwa pa makoma opanda denga aja kamodzi kenanso, koma anapirira.

Pamene ndikulemba pano akalipentala ali pamwamba, ndikumva hamala kuchokera pakhomo panga. Malata akwana, mitengo yakwana, zitseko tidzaona ndi fodya wa chaka chamawa. Bambo a Tadala tinamva kuti anatuluka m'chipatala, akuyenda ndi ndodo. Ndikaganiza za ulendo uja ndimaona kuti galimoto ija ikanakhala yabwino, tikanafika m'mawa mitima ikadali ya moto, ndipo banja la mwana wanga likanatha nkhomaliro isanapse. Ndiye sindiinyoza ayi. Inatichedwetsa mokwanira.

Sabata yatha wina anandiuza kuti anaiona pa boma la Ntchisi, boneti ili yasa, miyendo ya makaniko uja ikusuzumira kunsi. Sindikuwadziwa akazi ake, ngakhale dzina lawo. Koma m'pemphero langa la m'mawa ndawaikamo.